Mwendo wa Felesiya

Ana anga, mwakhala mukundiuza kuti ndilembe za ntchito yanga ya uphunzitsi ndisanayambe kuiwala. Zambiri ndinazilemba kale m'kope lina. Gawo ili lokha ndakhala ndikulizemba kuyambira pamene ndinapuma. Ndalilemba tsopano chifukwa ndikapanda kutero mudzalimva kwa anthu ena, ndipo iwo adzakuuzani ngati kuti mayi wanu anali munthu wolimba mtima. Sizinali choncho.

Nsaru, 1988

Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi ananditumiza ku sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Nsaru. Ndinali nditangokwatiwa kumene ndi bambo anu, amene nthawi imeneyo ankapala matabwa ku Mpingu ndipo ankabwera kumapeto kwa mwezi kokha. Ndinatsika basi ndi sutikesi, mphasa ndi mapoto awiri, koma nyumba imene anandilonjeza ku ofesi ndinaipeza ilibe denga, mphepo itasasula. Ndinaima pabwalo la sukulu osadziwa kolowera. Amene anabwera kudzandilonjera anali wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, a Chafuwa, bambo wamtali, wolankhula mosathamanga, wokonda kuseka. Sanandifunse zambiri. Anangonyamula sutikesi yanga n'kunena kuti kwawo kuli chipinda cha ana, anawo azigona pabalaza. Ndinakhala m'nyumba mwawo miyezi isanu, ndipo Mayi Chafuwa sanandionetsepo nkhope yotopa ngakhale tsiku limodzi.

Ntchito yeniyeni ndinaiphunzira kwa a Chafuwa, osati ku koleji. Ndi iwo anandionetsa kulemba sikimu ya maphunziro, kugawa bolodi limodzi kuti likwanire maphunziro atatu, ndi kukhazika chete kalasi popanda chikwapu. Tinkapemphera mpingo umodzi, ndipo iwo anali kale mkulu wa mpingo. Chaka chotsatira, ndili ndi pakati pa iwe Yamikani, matenda anandiyamba masana ndili m'kalasi, masabata atatu nthawi isanakwane. Mvula inali itagwa masiku anayi ndipo galimoto sizinkafika. A Chafuwa anasiya kalasi yawo, anakabwereka ngolo kumudzi, n'kuyendetsa okha ng'ombe m'matope mpaka kuchipatala, akazi awo atandigwirizira mutu pamiyendo pawo. Anamwino anati tikanachedwa pang'ono zinthu zikanavuta. Bambo anu atafika anapempha a Chafuwa kuti akutche dzina, ndipo dzina uli naloli ndi lawo. Ndalemba zimenezi poyamba kuti mumvetse kuti munthu amene ndikumukambayu sanali woipa kwa ine.

Kabudula, 1994 mpaka 1996

A Chafuwa atakwezedwa kukhala mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina kudera la Kabudula, anakapempha ku ofesi kuti inenso ndipite kumeneko. Ndinasangalala, chifukwa kunali nyumba yabwino ndipo bambo anu anapeza malo okhomera pafupi ndi msika. Chaka chimenecho ndi chimene maphunziro a pulayimale anakhala aulere. Ana anabwera ochuluka moti makalasi ena tinkaphunzitsira pansi pa mitengo, bolodi titalitsamiritsa kuthunthu. Choko chikatha tinkalembera chinangwa chouma. Buku limodzi ankaunjikanapo ana ambirimbiri, ena akuliwerenga chozondoka. Ine anandipatsa Sitandade 6, ndipo kumpingo anandipatsa Sande sukulu ya ana okulirapo. Ambiri mwa ana amene ndinkawaphunzitsa masamu mkati mwa sabata ndi omwe ankakhala patsogolo panga Lamulungu m'mawa.

Sande sukulu ndinkaikonda kuposa ntchito ya boma. Ndinkakonda makamaka kuphunzitsa za kukhulupirika, ndipo ndinali ndi njira zanga. Ndinkagawira ana timaudindo ting'onoting'ono, wina kusesa m'tchalitchi, wina kuimba belu, wina kukaona mnzake amene wadwala, ndipo sindinkawatsatira. Lamulungu lotsatira aliyense ankanena yekha ngati wachita kapena sanachite. Amene wanena poyera kuti walephera sindinkamukalipira. Ndinkawauza kuti mwana wa Mulungu amakhala yemweyo Lolemba ndi Lamulungu, pamaso pa anthu ndi pamene ali yekha, ndipo mawu ake sasintha chifukwa cha mantha. Makolo ankandiyamikira, ndipo ndivomere kuti zinkandikoma.

Zaka zimenezo alimi wamba anali atayamba kulima fodya wa bale, ndipo a Chafuwa anabwereka munda waukulu kuseri kwa sukulu. Malipiro a mphunzitsi sankakwanira, tonse tinkadziwa. Poyamba ankalemba aganyu. Kenako anayamba kunena kuti piriyodi ya zaulimi ya Lachisanu ana a Sitandade 6 azikaphunzirira kumunda kwawo, poti dimba la sukulu linalibe kanthu. Piriyodi imodzi inasanduka m'mawa wonse, ndipo nthawi yothyola fodya inkatenganso Lachitatu. Ana ankabwerako manja ali bii ndi phula la fodya, ena akudandaula mutu ndi mseru. Amene ankawandandika pamzere n'kuwatsogolera kumundako ndinali ine. Mumtima ndinkadziwa kuti si phunziro, koma ndinkadziuza kuti kwawonso anawo amagwira ntchito zomwezi, komanso kuti munthu amene anandichitira zazikulu sindingamukanire chaching'ono. Zinayenda choncho nyengo ziwiri.

February 1997

Mwa ana a m'kalasi yanga munali mtsikana wina dzina lake Felesiya, wazaka khumi ndi ziwiri, wochepa thupi, wanzeru pa masamu. Bambo ake anamwalira, ndipo mayi ake ankadalira ganyu wa m'munda mwa a Chafuwa momwemo. Ku Sande sukulu ndinamupatsa udindo wosunga mabuku a nyimbo, ndipo silinasowepo ngakhale limodzi.

Lachisanu lina tinapita kuchigafa, kumene fodya amamuyanika. Ana ena ankasoka masamba, ena ankawapachika pa mikangala, timitengo toyanikira fodya. Chigafacho chinali chitadzaza fodya wamuwisi, wolemera, ndipo nthaka inali yofewa ndi mvula. Felesiya, poti anali wopepuka, anamukweza m'mwamba kuti azilandira mikangala. Ine ndinakhala pamthunzi chapatali ndikuchonga makope. Ndinangomva kuthyoka kwa mtengo, kenako kukuwa kwa ana. Mphanda imodzi, imene chiswe chinali chitaidya m'kati, inagonja, ndipo mbali yonse ya chigafa inagwa. Tinamupeza Felesiya pansi pa mtanda waukulu. Sankalira. Ankangoyang'ana mwendo wake wakumanzere, umene unali utapindika pansi pa bondo, pamalo pamene mwendo supindika.

A Chafuwa anafika akuthamanga. Anamunyamula okha, n'kupita naye kuchipatala pa njinga, mphunzitsi wina akukankha. Asananyamuke anauza ana kuti abwerere m'kalasi ndipo asakalankhule kanthu kunyumba. Madzulo ake ndinamva kuti kuchipatala anakanena kuti mwanayo wagwa mumtengo wa gwafa kwawo. A Chafuwa analonjeza mayi ake a Felesiya kuti asamalira zonse za kuchipatala ndipo ganyu wawo sadzatha, bola nkhani ikhale ya gwafa. Mayiwo anavomera. Sindiwaweruza. Anali ndi ana ena atatu kunyumba, ndipo unali mwezi wa njala.

Koma ana ochuluka chotero sangasunge chinsinsi. Pasanathe sabata, kholo lina linalemba kalata yopanda dzina kupita ku ofesi ya zamaphunziro. Lachinayi lotsatira uthenga unafika kuti woyendera masukulu, a Msiska, abwera Lachiwiri kudzafunsa aphunzitsi ndi ana.

Tsiku lomwelo, ana ataweruka, a Chafuwa anandiitanira mu ofesi mwawo n'kutseka chitseko. Sanakalipe. Anandifunsa za iwe Yamikani, za chifuwa chimene chinkakuvutitsa. Kenako anafotokoza kuti nkhaniyi ikadziwika ntchito yawo yatha, penshoni yapita, ndipo ana awo awiri amene anali kusekondale abwerera kunyumba. Anandikumbutsanso kuti pa ndandanda wa maphunziro dzina limene linalembedwa pa piriyodi ya zaulimi linali langa, ndiye amene angayambe kufunsidwa ndine. Chimene ankafuna chinali chimodzi: Lolemba ndikonzekeretse kalasi yanga kuti onse akanene zofanana.

"Ana aja amakumverani inu kuposa ine," anatero. "Mukawauza inu, sakayika. Mayi a Yamikani, ine sindinakupempheniko kanthu chiyambire. Inu mumaphunzitsa za kukhulupirika, eti? Lero ndikupempha kuti mukhale wokhulupirika kwa ine."

Ndinayang'ana pansi. Ndinayankha kuti ndamva, ndipo ndinatuluka.

Bambo anu nditawafotokozera anapitiriza kunola mpeni wa pulena. Pomaliza anati iwo sangandisankhire, koma ndikumbukire kuti ntchito ya matabwa yokha singatidyetse, ndipo mwendo wa mwana uja wathyoka kale, choonadi sichiulumikiza. Sanalankhule mwankhanza. Ankaopa monga momwe ndinkaopera ine.

Lamulungu

M'ndondomeko ya Sande sukulu, mwezi umenewo wonse unali wa kukhulupirika, ndipo ndinali nditaukonza ndekha kalekale. Ndinaganiza zonamizira kudwala, koma ndinapita. Ana anakhala pamabenchi monga mwa masiku onse, malo a Felesiya ali opanda munthu, mabuku a nyimbo ali m'katoni osagawidwa. Ndinayamba kufunsa za maudindo a sabata imeneyo. Mtsikana wina anaimirira n'kunena kuti sanakaone wodwala amene ndinamutuma chifukwa anachita ulesi, ndipo anapepesa. Ndinamuyamikira chifukwa chonena zoona. Phunziro lenileni ndinalidula pakati n'kuyambitsa nyimbo. Mapemphero aakulu atayamba, amene anatsogolera pemphero lopembedzera odwala anali a Chafuwa, ndipo anamutchula Felesiya ndi dzina. Ndinatsegula maso ndipo ndinaona kuti ana angapo nawonso sanatsinzine, ankandiyang'ana ine.

Masana ndinayenda kupita kuchipatala. Felesiya anali atagona, mwendo uli m'chikhakha mpaka m'ntchafu. Mayi ake anali atapita kukaphika kumalo a odikirira odwala. Ndinamupatsa nthochi ndi kope la masamu kuti asatsalire. Tinacheza pang'ono za anzake. Nditati ndizinyamuka anandigwira chitenje.

"Madamu, akuti kubwera bwana kudzafunsa," ananong'ona. "Amayi akuti ndinene za gwafa. Kodi ndikanena za gwafa ndachimwa? Nanga ndikakana mawu a amayi, sindinachimwenso? Mundiuze inu. Zimene munene ndichita zomwezo."

Ana anga, funso limeneli linali la phunziro limene ndinkadzitama nalo. Yankho ndinkalidziwa. Koma ndinamusisita pamutu n'kumuuza kuti asaganize zambiri, apumule kuti achire msanga. Ndinatuluka m'chipatala muja mofulumira ngati ndaba kanthu.

Lolemba

Lolemba m'mawa a Chafuwa anaima pakhomo la kalasi yanga, anandiyang'ana, n'kupitirira. Ndinatseka chitseko. Ndinauza ana kuti mawa kubwera mlendo, ndipo akafunsa za Felesiya tonse tiyankhe chimodzi, kuti tithandize sukulu yathu. Ndinalemba pabolodi chiganizo chakuti Felesiya anagwa mumtengo wa gwafa kwawo. Ndinawauza kuti awerenge. Poyamba anawerenga ochepa, motsitsa mawu. Ndinagogoda bolodi ndi rula n'kunena kuti abwereze. Anabwereza kachiwiri, kachitatu, mpaka mawu anamveka amodzi, okwera ndi kutsika pamodzi, ndendende mmene ankalowezera vesi Lamulungu. Ndinawauzanso kuti akafunsidwa za munda anene kuti anapitako kamodzi kokha kukaona mmene fodya amakulira. Palibe anatsutsa. Palibenso anaseka kapena kunong'oneza mnzake, ndipo kalasi ya ana ambiri chotero sinkakhala chete motero. Ndinafufuta bolodi bwinobwino n'kuyamba masamu.

Ndinachita zimenezi ine mayi wanu, palibe anandigwira dzanja. Tsiku limenelo sindinadye.

Lachiwiri

A Msiska anafika pa njinga yamoto cha m'ma naini koloko. Anali bambo wachikulire, wovala magalasi, wosakonda nthabwala. Anayamba akhala ndi a Chafuwa mu ofesi, kenako anafunsa aphunzitsi mmodzimmodzi. Ine anandifunsa ngati ndinalipo pamene mwanayo ankavulala, ndipo ndinayankha kuti ndinangomva. Analemba. Anati kuchipatala adutsako pobwera, mayi a mwanayo anena za gwafa, koma mwanayo wangolira osayankha kanthu. Atatero anapempha kuti aone kalasi.

Tinalowa atatu, iwo, a Chafuwa ndi ine. Ana anaimirira n'kupereka moni. A Msiska anawakhazika pansi, anawauza kuti asaope, ndipo anafunsa ngati alipo akudziwa chimene chinachitikira mnzawo. Kalasi yonse inayankha pamodzi, mawu osaphonya ngakhale amodzi. A Msiska anavula magalasi n'kuwapukuta. Analoza mtsikana wa kutsogolo, yemwe uja anapepesa za ulesi Lamulungu, n'kumufunsa yekha. Mtsikanayo anaimirira, anandiyang'ana ine, kenako ananena za gwafa. Anafunsa wina, ndi winanso. Onse ankayamba ayang'ana kwa ine asanayankhe.

Ndikukhulupirira kuti a Msiska anazindikira. Munthu amene wayendera masukulu zaka zambiri amadziwa yankho loloweza. Koma analibe pogwira. Anatseka kope lawo, anathokoza ana, n'kuuza a Chafuwa kuti akalemba kuti kalata ija inalibe umboni. A Chafuwa anapumira m'mwamba ndipo anawatsegulira chitseko. Zonse zinali zitatheka. Ntchito yanga inali yotetezeka, ya a Chafuwa chimodzimodzi.

Sindinganene kuti ndinaganiza mozama pa nthawi imeneyo. Ndinangoona mtsikana wa kutsogolo uja atagoneka mutu pa desiki, mapewa akugwedezeka. Ndinadziwa kuti Lamulungu likubwerali adzakhala patsogolo panga, ndipo chilichonse chimene ndidzanene za Mulungu adzachiika pamodzi ndi chiganizo cha gwafa. Ndinamva mawu anga akutuluka ndisanakonzeke.

"Bwana, musapite. Anawa sakunama mwa iwo okha. Ndinawaphunzitsa ine dzulo, pabolodi apa."

A Msiska anaima pakhomo. A Chafuwa ananditchula dzina motsitsa, kamodzi kokha. Sindinawayang'ane, chifukwa ndikanawayang'ana ndikanasiya. Ndinafotokoza zonse ana akumva: za munda, za Lachisanu ndi Lachitatu, za nyengo ziwiri, za chigafa, ndi kuti amene ankawatsogolera ndinali ine, ndipo pamene mtengo unkagwa ndinali pamthunzi. Kenako ndinatembenukira kwa ana.

"Ana anga, dzulo ndinakulakwirani. Ndinakuphunzitsani bodza, ndipo tchimo limenelo ndi langa, si lanu. Tsopano aliyense anene zimene anaona."

Kenako manja anayamba kukwera, limodzi, awiri, mpaka a Msiska anakhala pa desiki ya mwana n'kutsegulanso kope lawo. Analemba mpaka nthawi yoweruka. A Chafuwa anali atatuluka kale, ndipo sindinaone nthawi imene anatulukira.

Miyezi yotsatira

Musaganize kuti anthu anandiombera m'manja. A Chafuwa anaimitsidwa ntchito, ndipo patapita miyezi anawatsitsa udindo n'kuwatumiza ku sukulu ina kutali. Ntchito sinathe, koma sanakhalenso mphunzitsi wamkulu mpaka kupuma. Bwalo la akulu a mpingo linawachotsa pa ukulu. Ine ndinalandira kalata ya chenjezo imene inakhala m'failo yanga moyo wanga wonse wa ntchito, ndipo kawiri konse inanditsekera mwayi wokwezedwa. Kumpingo ndinakaonekera ndekha pamaso pa akulu, ndipo anandiimitsa mgonero ndi Sande sukulu kwa miyezi isanu ndi umodzi. Chilango chimenecho ndinachilandira ndi mtima wonse.

Chimene chinandipweteka chinali cha anthu. Aphunzitsi anzanga ankasiya kulankhula ndikalowa. Makolo ena ankati ndawonongera sukulu mphunzitsi wamkulu wabwino, ndipo zoona anali wabwino pa zambiri. Mayi ake a Felesiya ganyu wawo unathera pomwepo, ndipo tikakumana pa mjigo ankayang'ana kumbali. Ndinkawatumizira ufa kudzera mwa mayi wina wa kumpingo osanena kuti wachokera kwa ine, chifukwa ndinkadziwa kuti akanaubweza. Makasitomala ena a bambo anu anasiya kubwera. Bambo anu sanandidzudzulepo, koma kwa masabata angapo m'nyumba mwathu munalibe kuseka.

Tsiku limene a Chafuwa ankasamuka ndinapita kukathandiza kunyamula katundu, ngakhale bambo anu anandiletsa. A Chafuwa anandiona, anagwedeza mutu pang'ono, n'kupitiriza kumanga matebulo pa lole. Mayi Chafuwa anandilanda dengu limene ndinali nditanyamula.

"Ana athu anagona pabalaza miyezi isanu chifukwa cha inu," anatero. "Siyani, tinyamula tokha."

Ndinabwerera kunyumba. Mpaka lero sindinapeze yankho la mawu amenewo, chifukwa anali oona. A Chafuwa sitinalankhulanenso. Atamwalira, zaka zambiri pambuyo pake, ndinapita kumaliro ndipo ndinakhala kumbuyo pakati pa anthu osandidziwa.

Felesiya anatuluka m'chipatala, koma mwendo unalumikizana mokhota ndipo unafupika. Anabwerera kusukulu akuyenda ndi ndodo. Ndinakamupepesa chifukwa chosamuyankha tsiku lija. Anangoti wamva, ndipo anandifunsa ngati mabuku a nyimbo alipo onse. Sukulu anasiyira Sitandade 7, chifukwa mtunda unali wautali kwa mwendo umenewo ndipo kunyumba kunali kovuta. Mtsikana ameneyu akanapita kutali ndi masamu. Ndinamva kuti anadzaphunzira kusoka ndipo ali ndi banja lake cha ku Namitete, koma sindinamuonenso.

Nambuma, 1998

Kumayambiriro kwa chaka chotsatira ananditumiza ku sukulu ina yaing'ono kupitirira Nambuma, kumene aphunzitsi ankakana kupita chifukwa nthawi ya mvula msewu unkaduka. Kalata inati ndi kusamutsa wamba, koma tonse tinkadziwa. Kumeneko ndi kumene ndinakhala mpaka kupuma. Aphunzitsi tinalipo anayi pa makalasi asanu ndi atatu, nyumba inali yofolera ndi udzu, madzi tinkatunga pachitsime cha kudambo. Inu ana munkadandaula kuti tachoka pamalo abwino popanda chifukwa, ndipo ine ndinkangoti ndi mmene ntchito ya boma imakhalira.

Mpingo wa kumeneko utamva kuti ndinkaphunzitsa Sande sukulu, akulu anandipempha kuti ndithandize. Ndinakana chaka chathunthu. Ndinawauza chifukwa chake mosabisa, ndipo mkulu wina, mlimi wachikulire, anati akufunabe ine, poti ana awo sakusowa mphunzitsi amene sanalakwepo koma amene amadziwa kulakwa kuti n'chiyani. Ndinavomera. Koma mwezi wa kukhulupirika utafika ndinapeza kuti sindingathe kuphunzitsa monga kale, ndi mawu okoma aja amene makolo ankandiyamikira nawo. Ndinatseka kabuku kanga ndipo ndinawafotokozera anawo nkhani ya mphunzitsi wina, osatchula dzina kapena malo. Ndinanena za munda, za mwana amene anakwera m'chigafa, za chiganizo cha pabolodi, ndi za mlendo amene anaima pakhomo. Ana anamvetsera osagwedezeka. Nditamaliza, mtsikana wina wamng'ono amene ankakhala kumapeto kwa benchi anakweza dzanja.

"Madamu, ndiye mphunzitsiyo anali wokhulupirika kapena ayi?"

Ndinaganiza zoyankha kuti inde, poti pomaliza ananena zoona. Ndinaganizanso za a Chafuwa akuyendetsa ngolo m'matope, ndi za Felesiya akubwera kusukulu ndi ndodo. Anawo ankadikira.

"Anachedwa," ndinatero. "Tsiku loyenera kukana linali loyamba lija, pamene anauzidwa kuti andandike ana pamzere. Akanakana tsiku limenelo, bwenzi mnzakeyo atangokwiya sabata imodzi, ndipo mwana uja bwenzi akuyenda bwinobwino."

Mtsikanayo anaganiza pang'ono, kenako anafunsa ngati mphunzitsiyo ndimamudziwa. Ndinamuuza kuti ndi amene waima patsogolo pakeyu.